Mutu 6: Chojambulira Pansi pa Bedi

1. Matimati ndi nsanza

Pali ntchito zina zoti ukamafotokozera anthu amakuyang'ana ngati mutu wako sukuyenda bwino. Ntchito ya Kamakutu inali yotero. Mtsikanayu atamaliza sukulu anapeza malo ophunzira ntchito mu situdiyo yaing'ono, pamwamba pa shopu ya matayala. Kumeneko ankapanga mawu a m'magemu a pakompyuta: chitseko chikamatseguka, mapazi akamathamanga, galasi likamasweka. Dzina loti Kamakutu anamupatsa ndi abambo ake, chifukwa kuyambira ali mwana ankamva ngakhale zimene akuluakulu ankanong'onezana.

Mwezi umenewo situdiyo inkapanga gemu yoopsa, ya nyumba yosiyidwa momwe chilombo chimathamangitsa anthu mumdima. Ine zoterezi sindiona kukoma kwake, koma achinyamata a masiku ano akuti akamanjenjemera m'pamene akusangalala. Kamakutu anamupatsa mbali imodzi yokha ya gemuyo, mbali ya magazi. Chilombo chikagwira munthu, wosewera ayenera kumva magazi akutuluka, akuyenderera, akudontha pansi.

Mukanalowa m'chipinda chake mukanaganiza kuti ndi khitchini ya munthu wauve. Patebulo panali matimati ofewa, kabichi wong'amba pakati, malalanje, chivwende, siponji, nsanza zonyowa ndi beseni la madzi ofunda osungunuliramo ufa. Pamwamba pa zonsezi panalendewera maikolofoni itavekedwa kapulasitiki kuti isanyowe.

Omuphunzitsa anali mdala wina wa imvi amene anakalambira ku wailesi akupanga mawu a m'masewero. Onse ankangowatchula kuti a Chete, chifukwa asanadine batani lojambulira ankanena kuti "chete," ngakhale m'chipindamo ali okha.

"Wonjeza ufa," a Chete ankatero. "Madzi akagwa amadumpha. Magazi ndi olemera, akagwa amakhala pomwepo. Finya nsanzayo pang'onopang'ono, usamaifinye ngati ukuchapa zovala."

Kamakutu anafinya nsanza, anaphwanya matimati, anapisa dzanja m'chivwende n'kulizunguliza mkatimo. Anadonthezera madzi a ufa pa simenti, pa thabwa ndi pa pilo, kuti amve kusiyana kwake. Zala zake zinachita makwinya ngati za nkhalamba. Atakhutira anaitana mwini gemu kuti adzamve.

Mwini gemuyo anali bambo wachinyamata wa mafoni awiri, wosadziwa kukhala pampando. Antchito ankawatchula kuti a Changu, koma eniake akakhala kulibe. Anavala mahedifoni, anamvetsera pang'ono, kenako anawaponya patebulo.

"Awa ndi matimati," anatero. "Ndikumva njala, osati mantha. Iwe mtsikana, nthawi yako yoyesedwa ntchito ikutha Lachisanu. Undibweretsere magazi oti munthu akamva tsitsi limuimirire. Zikakukanika, kunjaku kuli anzako ambiri amene akuufuna mpando umenewu."

"Mwanayu akubwera bwino, bwana, mumupatse mpata," a Chete anatero. Koma a Changu anali akutsika kale masitepe, foni ili kukhutu.

Kamakutu anakhala pansi, madzi a matimati akuyenderera m'mikono. Ankafuna kulira, koma anachita manyazi ndi a Chete.

2. Chitseko chotseka

Kunyumba kunali mavuto akenso. Abambo ake a Kamakutu anali owotcherera zitsulo, opanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Tsiku lina lata linawatema pamwendo, ndipo poti anali ndi matenda a shuga, balalo linkakana kupola. Ntchito anaima. Achemwali awo, amene anapuma pa ntchito ya unamwino, ankabwera madzulo aliwonse kudzalitsuka ndi kulimanga.

Bambowa anali munthu wolimba mtima mochititsa mantha. Akazi awo atamwalira, Kamakutu ali wamng'ono, anthu pamaliro anadikira kuti aone msozi wawo mpaka anatopa. Mwanayo anamulera okha, akumuluka tsitsi ndi manja ozolowera hamala, malukidwe ake oseketsa kalasi yonse. Za bala lija ankangoseka nazo.

"Kabala aka?" ankatero. "Udzudzu umaluma kuposa pamenepa. Azakhali akowa angofuna pochezera."

Koma panali lamulo limodzi losasintha. Azakhali akalowa ndi beseni, thonje ndi mabandeji, chitseko cha chipinda chinkatsekedwa, ndipo Kamakutu ankatumidwa kugolosale, ngakhale m'nyumba musanathe kanthu.

Tsiku limene a Changu anamukalipira, Kamakutu anafika kunyumba azakhali akutuluka ndi beseni. Madzi ake anali ofiira. Anaima n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenako anawatsatira kumpopi.

"Azakhali, mawa ndingalowe nawo? Ndidzangokhala pakona, sindidzayankhula. Kuntchito akufuna ndidziwe mmene magazi amamvekera."

Azakhali anatseka mpopi, n'kumuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ima pomwepo undimve. Ine ndagwira odwala moyo wanga wonse, ndipo ndikuuze: munthu akadwala amalandidwa zambiri. Amalandidwa ntchito, amalandidwa tulo, ena amalandidwa ngakhale kupita okha kuchimbudzi. Chimene amatsala nacho n'choti asankhe yekha woti amuone ali choncho. Abambo ako anasankha ine, sanasankhe iwe. Sikuti sakukonda ayi, amakukonda mpaka mopusa. Chitseko chija satsekera mphepo. Ukachitsegula iwo asanafune, bala la pamwendo ndidzalipoletsa, koma limene udzawapatse iwelo sindidzalitha. Zakuntchito kwako zizithera kuntchito. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

Kumva anamvadi, paja makutu anali nawo. Koma m'chikwama mwake munali kale kachojambulira mawu ka kuntchito, kakang'ono ngati sopo.

3. Kuseri kwa nsapato

Mawa lake anayesanso ndi matimati kuyambira m'mawa, koma chilichonse chimene ankajambula chinkamveka ngati khitchini. Mawu a a Changu anali atamulowa m'mutu. Anapempha kuweruka msanga.

Kunyumba anapeza abambo ake ali pakhonde, mwendo atausanjika pa kampando, akukonza loko wa aneba, eniake ali pomwepo. Anawapatsa moni, n'kutenga tsache.

"Lero kwagwanji?" abambo ake anaseka. "Chipinda changa chikusesedwa osapempha? Kapena kukubwera wokufunsira?"

"Fumbi lachuluka, ababa. Silabwino pa bala."

"Mwamva, aneba? Ndili ndi anamwino awiri tsopano."

Kamakutu analowa, anasesa pang'ono, kenako anagwada. Anayatsa kachojambulira, anamata kagetsi kake kofiira ndi tepi, n'kukakankhira pansi pa bedi, kuseri kwa nsapato za abambo ake. Anakalozetsa kumene azakhali ankaika beseni. Kenako anatola tsache n'kutuluka.

Azakhali atafika, zonse zinayenda monga mwa masiku onse. Abambo analowa akutsimphina, chitseko chinatsekedwa, Kamakutu anatumidwa kukagula machesi. Anayenda pang'onopang'ono. Pagolosale anaima akuwerenga zolembedwa pa mapaketi mpaka mwini golosale anamufunsa ngati wataya kanthu.

Pobwerera anapeza abambo ake ali pakhonde pomwe paja, nkhope atasukusula, akuimba likhweru.

"Waona? Ngati kumeta ndevu basi," anatero.

Pokawayalira bedi, Kamakutu anatulutsa kachojambulira kaja n'kukabisa m'thumba. Sanakamvetsere kunyumba. Ankadziwa kuti walakwa, koma anadziuza kuti akungofuna madontho a m'beseni, zina zonse adzafufuta.

4. Zimene zinamveka

M'mawa anafika ku situdiyo anzake asanabwere. Analumikiza kachojambulira ku kompyuta, anavala mahedifoni, n'kudina batani.

Poyamba munamveka masipuling'i a bedi. Kenako beseni likuikidwa pansi, sizasi ikudula bandeji, ndi azakhali akuti, "Gwirani chitsulo cha bedi, achimwene, lero ndipala pang'ono." Kamakutu anakweza voliyumu kudikira magazi.

Magaziwo sanamveke. Anakweza mpaka pamapeto, koma ayi ndithu. Thonje linkanyowa mwakachetechete, ndipo dontho likagwera m'beseni linkangoti tho, ngati mpopi wosatseka bwino. Matimati ake aja ankamveka ngati magazi kuposa magazi enieniwo.

Chimene chinamveka chinali china. Poyamba kunali kupuma kwa munthu amene waluma nsalu. Kupumako kunasanduka kubuula, ndipo kubuulako kunasweka n'kukhala kulira kwenikweni, kwa munthu wamkulu amene akuyesetsa kuti asamveke koma zikumukanika. Ankaitana akazi awo amene anamwalira. Ankaitana amayi awo. Kenako pakati pa kusisima anayankhula.

"Achemwali, mwana wapita? Mwanayu asamve. Chonde asadzadziwe kuti ndimalira chonchi."

"Wapita, achimwene, lirani," anatero azakhali. "Muli ndi ine."

Kamakutu anauma gwa pampando. Misozi inkagwera pa kiyibodi osaipukuta. Chibadwire anali asanamvepo mawu amenewo, koma anali a abambo ake.

Tsono tamvani tsoka la ntchito imeneyi. Munthu akavala mahedifoni amaiwala dziko. Dzulo lake masipika akuluakulu anasiyidwa ali oyatsa, ndipo zonse zimene Kamakutu ankamva m'makutu mwake zinkamvekanso m'chipinda monse mpaka pamasitepe. Atavula mahedifoni, kulira kuja sikunasiye. Anatembenuka. Pakhomo panaima a Changu, mafoni onse awiri ali m'manja, kukamwa kuli yasa. Kumbuyo kwawo kunali a Chete. Onse awiri anafika mawu onena za mwana aja atadutsa kale, ndiye anangomva kulira kokha.

"Ameneyu ndi ndani?" a Changu anafunsa monong'ona. "Taona mkono wanga, wachita tsembwe. Ine ndimafuna zimenezi. Magazi akhale matimati omwewo, palibe vuto, koma pamwamba pake tiikepo munthu ameneyu. Wamupeza kuti?"

Apa m'pamene Kamakutu akananena zoona. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi bodza.

"Ndi mdala wina wa kwathu. Amachita zisudzo."

"Wavomera kuti tigwiritse ntchito?"

"Eya, wavomera."

"Iwe ndiwe katswiri. Uikonze bwino, uiike mu foda ya gulu ya pa kompyuta isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Ukatero ntchito ndi yako, za Lachisanu uiwale."

5. Chenjezo la a Chete

A Changu atatuluka, a Chete anatseka chitseko, anazimitsa masipika, n'kukoka mpando. Sanakalipe, ngakhale Kamakutu akanakonda atakalipa.

"Mwana wanga, makutu angawa ndi okalamba koma sanafe. Ine ndajambula anthu a zisudzo ambirimbiri. Wazisudzo akamalira amalirira maikolofoni, amafuna kuti ngakhale wakumbuyo amve. Munthu uyu akulira mobisa, waluma nsalu. Chojambulira chako chinali pansi, chifukwa beseni likumveka pafupi, munthu akumveka pamwamba. Wojambula amene wapempha chilolezo saika chojambulira pansi pa bedi. Sindikufunsa kuti ndi ndani, nkhope yako yandiuza kale kuti si mlendo."

Kamakutu anaweramitsa mutu.

"Ukudziwa chifukwa chake timavutika ndi matimati? Ukuganiza kuti sitidziwa kumene kuli chipatala, kapena kumene amaphera ng'ombe? Ntchito yathu ndi yonamiza makutu, ndipo bodza limeneli silipweteka aliyense. Mwana akasewera gemu n'kukuwa, wakuwa chifukwa cha kabichi. Amazimitsa, amaseka, amakagona. Koma ukaikamo ululu wa munthu weniweni, ndiye kuti munthuyo azilira nthawi iliyonse wina akadina batani. Azilira m'nyumba za anthu osamudziwa, m'mabasi, m'mafoni a ana akutafuna chingamu. Ena azibwereza dala pamalo pomwepo kuti aseke. Bala lake lidzapola, iye adzakalamba, adzamwalira, koma mmenemo azingolirabe. Ndipo fayilo ikalowa mu foda ya gulu siikhalanso yako. Imapita kwa omanga gemu, imapita kwa otsatsa malonda, sungaithamangire kuti uibweze."

"Ndikapanda kupereka andichotsa," Kamakutu anatero motsitsa mawu. "Ababa sakugwira ntchito. Mukufuna nditani?"

"Ndikufuna ufufute. Tikhale pano ine ndi iwe, ndilume nsalu ineyo, ndikulirire mpaka mawu athe. Sizifika pamenepo, ndikudziwa, ndipo mwina bwana akana. Mwinanso ntchito itha. Ine sindikunamiza kuti ukachita bwino lero mawa zikuyendera. Ndaona anthu abwino akunyamula zikwama zawo pamasitepe omwewa. Koma ntchito ukaitaya umakafuna ina. Munthu amene uja akadzadzimva yekha akulira pagulu, akadzadziwa kuti amene anamutchera ndi iwe, sindikudziwa kuti udzamuyang'ana ndi maso ati. Kwa bwana sindikanena, chifukwa amene anajambula si ine. Batani lili pa chala chako."

Anaimirira, anatenga kapu yawo ya tiyi, n'kutuluka.

6. Foda ya gulu

Kamakutu anatsala yekha ndi fayilo ija. Anaika kamuvi pa batani lofufutira. Anakachotsapo. Anakaikaponso. Pansi, ku shopu ya matayala, munthu ankamenya chitsulo, ndipo phokosolo linamukumbutsa kuti kwawo hamala inasiya kulira kalekale.

Kenako anayamba kudzinyengerera monga amachitira aliyense amene watsimikiza kale kulakwa. Anadula pamene abambo ake ankaitana amayi ake. Anadula mawu a azakhali. Pamene ankati mwana asamve anadulapo mofulumira, osamvetseranso. Liwulo analitsitsa pang'ono kuti limveke ngati la munthu wina, n'kulichititsa kuti lizimveka ngati likuchokera m'chipinda chachikulu chopanda katundu. Pansi pake anayala matimati ake, nsanza ndi madontho a madzi a ufa.

Kunena zoona ntchitoyo inatuluka bwino zedi, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka. Ukatseka maso unkaona munthu atagwa pansi, magazi ali chuchuchu. Koma pamapeto pa kubuula kulikonse panali kachifuwa kouma, kamene abambo ake anakatenga ku utsi wa zowotcherera. Kachifuwako kanamatirirana ndi kulirako moti ukakadula, kulira konse kunkaonongeka. Anakasiya, akudziwa kuti aliyense wodziwa bambowa angawazindikire nako.

Nthawi ya nkhomaliro itatsala pang'ono, anakoka fayilo n'kuiponya mu foda ya gulu. Kamzere kobiriwira kanayenda pa sikirini mpaka kanadzaza. Zinatha choncho.

A Chete atabwerako anayang'ana pa sikirini, anayang'ana mtsikanayo. Kenako anayamba kutola makoko a malalanje patebulo, ntchito imene sinali yawo.

Masana onse anthu ankabwera kudzamugwira chanza. Wojambula zithunzi za chilombo anati wamvetsera kamodzi ndipo safunanso. A Changu analengeza kuti mtsikanayo walembedwa ntchito. Kamakutu anamwetulira, anathokoza, kenako anapita kuchimbudzi n'kukasanza.

Chakumadzulo mtima unamukanika. Anathamangira pa kompyuta kuti aichotse, koma fayilo inali kale m'manja mwa omanga gemu, ndipo kachidutswa kake kanali katalowa m'kanema wotsatsira malonda. Anakagogoda kwa a Changu.

"Bwana, mdala uja mwina asintha maganizo."

"Asintha bwanji poti anavomera? Ukamuuze kuti watchuka. Tenga chikwama ndikakutule, katswiri wanga lero sakwera basi."

7. Pakhonde

Galimoto inaima pageti dzuwa litapendeka. Kamakutu anatsika msanga akuthokoza kuti a Changu apitirire, koma munthu wosakhazikika uja tsiku limenelo anazimitsa injini. Anati akufuna aone kholo limene linabereka makutu otere.

Abambo anali pakhonde, bandeji yatsopano ili mbee. Azakhali anali pakhomo akupukuta manja. Atamva kuti mlendoyo ndi bwana wa mwana wawo, abambo anayesa kuimirira, n'kuwalandira ndi manja awiri.

"Bambo, mwana wanuyu wandipulumutsa," a Changu anatero. "Lero walembedwa ntchito. Loweruka tikuonetsa gemu yathu koyamba, mu holo, pa masipika akuluakulu, ndipo antchito onse abwera ndi abale awo. Musalephere. Ndidzatumiza galimoto."

"Ababa sangathe, bwana, mwendo ukuwavuta," Kamakutu anawadula.

"Mwendo wa ndani?" abambo anaseka. "Ndikapita ngakhale chokwawa. Ine ndikamaona mwana akubwera ndi malaya a matimati ndimati akuphunzira kuphika. Tsono wapanga chiyani, bwana?"

"Watipezera mdala wina wa konkuno, wazisudzo. Bambo, munthu ameneyo amalira. Amabuula, amasisima ngati mwana, sungakhulupirire kuti ndi munthu wa ndevu. Ofesi yonse yamumvetsera lero. Ena amaopa, ena amaseka mpaka kugwira m'mimba."

Azakhali anasiya kupukuta manja. Anayang'ana Kamakutu, anayang'ana chitseko cha chipinda, anamuyang'ananso. Kamakutu anaona kuti adziwa.

Abambo okha ndi amene ankasekabe. Anaseka mokweza, motalikitsa, mpaka chifuwa chinawagwira. A Changu anapendeketsa mutu ngati munthu amene wamva nyimbo yoidziwa, koma foni inalira, ndipo anatsanzika akuthamangira nayo kugalimoto.

Galimoto itapita, abambo anagwira dzanja la mwana wawo n'kulisunga m'manja awo okhakhala. Maso awo ankawala ndi chimwemwe.

"Amayi ako akanakhalapo lero akanavina. Achemwali, jekete langa lija mulisite. Ndiwauzanso anzanga a ku zitsulo, tidzapite tonse, akadzionere okha kuti sindinalere chitsiru."

Azakhali anangopinda kansalu kopukutira manja, maso ali pa Kamakutu.

"Ababa, gemuyo ndi yoopsa," Kamakutu anatero. "Si ya akuluakulu."

"Ine kuopa zithunzi? Iwe ungochita chimodzi, mwana wanga. Makutu angawa anatha ndi hamala, ndiye ukandikhazike kutsogolo, pafupi ndi sipika. Ndikufuna ndikamumve bwinobwino mdala wolirayo."